Mwambi woti "Atambala awiri salira m'khola limodzi" ukunena chiyani kwenikweni?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi uwu timautchula anthu awiri akamalimbirana udindo, ndipo ambiri amati tanthauzo lake n'lakuti mmodzi asamuke basi. Koma amene anawetapo nkhuku akudziwa kuti atambala awiri, ngakhale anayi, amalira ndithu m'khola limodzi. Ndiye makolo analakwitsa? Kapena kulira akunenaku si kokoliriko?

Bambo wina: Sanalakwitse achimwene, kungoti mwambi sunena zonse. Mudzadzuke m'bandakucha mumvetsere bwino. Salira mwachisawawa ayi, pali amene amayamba. Mu 2015 Tsuyoshi Shimmura ndi Takashi Yoshimura, akatswiri a ku Japan, anaonetsa kuti tambala wamphamvu kuposa onse ndiye amayamba kulira, enawo n'kumatsatira malinga ndi mphamvu zawo. Ngakhale wamng'onoyo atadzuka kale, amadikira. Atamuchotsa wamkuluyo, wachiwiri uja anayamba kutsogolera ngati ndi zake kalekale. Kwa ine mwambiwu ukuti mawu oyamba ndi a mmodzi. Sukuthamangitsa munthu.

Mayi wina: Abambo inu mukangomva za atambala mumangoganiza za ufumu. Nanga akulimbirana chiyani, si mathadzi? Taonetsetsani tambala akapeza kachiwala. Sadya. Amakatola, n'kukagwetsa, kukatolanso, mutu uli zyolizyoli, uku akuitana timawu tafupitafupi mpaka thadzi lithamangire. Likafika iye amapatuka kuti lidye. Kenaka amatsitsa phiko limodzi mpaka pansi n'kumalizungulira chammbali. Kufunsira kwake n'kumeneko, kokoliriko uja ndi wouza amuna anzake kuti pano pali mwini.

Chimene chimandiseketsa ndi tambala wamng'ono. Naye amafuna, koma akaitana mokweza wamkulu amabwera kudzamujompha. Ndiye amangotola n'kugwetsa chakudyacho mwakachetechete, kuti thadzi lione koma wamkuluyo asamve. Wosalirayo musamuyese wogona.

Alipo ena a bodza, oitana atatola kamtengo kapena kamwala. Thadzi likapusitsidwa kangapo limasiya kuthamangira. Amuna a malonjezo okhaokha, mwamva?

Bambo wachikulire: Zonsezi n'zoona, koma tisaufewetse mwambiwu mpaka kutha mphamvu. Kudikirana kuja kumabwera ndewu itachitika kale, wina atagonja. Ikani atambala awiri ofanana msinkhu, osadziwana, pamalo opanikiza. Nthenga za m'khosi zimaima, amadumphirana ndi zikhadabo, magazi kumutu, ndipo wogonja akasowa kothawira akhoza kufa. Mawu ofunika pamenepa ndi "khola". Pabwalo lalikulu aliyense amatenga mathadzi ake n'kulowera kwake. Makolo ankachenjeza amene amaika anthu awiri pa mpando umodzi osanena kuti wamkulu ndani. Wolakwa ndi mwini khola, osati atambalawo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mfundo ya khola yandigwira mtima, bambo. Koma mayi mwandisokoneza: ngati wamng'ono uja amapezabe thadzi popanda kulira, ndiye amene wapambana m'kholamo ndani? Ndipo alipo amene anamvapo mwambiwu ukunenedwa pa nkhani ya amuna awiri ofuna mkazi mmodzi, kapena ndi wa maudindo okha?