Kodi history ndi ethics zikundithandiza chani ine wa social work?

Nachisale22:
Moni nonse. Ine ndili chaka chachiwiri pa koleji ina, ndikupanga social work, ndiye semesita ino atiikira history ya Malawi ndi ethics pamwamba pa makosi athu enieni aja. Kunena zoona mtima wanga sulimo. Kosi iyi ndinaisankha chifukwa ndinakulira kwa agogo mayi atamwalira, ndipo ndinaona ndekha mmene mayi wina wa social welfare anavutikira kuti ine ndi mng'ono wanga tisasiye sukulu, ndiye ndimafuna kuphunzira za ana ndi mabanja basi. Pano ndikuchezera kuwerenga za thangata, ntchito yokakamiza ija anthu ankagwira m'maesiteti a azungu, assignment ya mapeji 8, pomwe case study ya child protection sindinaiyambe nkomwe ndipo zonse akuzifuna sabata imodzi. Amene munadutsamo ndiuzeni, zimenezi zimagwiradi ntchito ku field kapena ndingowerenga zokhozera mayeso?

BamboWaTiya:
Achemwali musazitaye zimenezo. Ine ndinaphunzira ku Magomero ku Chiradzulu ndipo pano ndatha zaka zingapo ndikuyenda m'midzi ya kummwera kuno. Magomero yomweyo ndi komwe kunali esiteti ya A.L. Bruce, komwe anthu a John Chilembwe anapha woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, mu January 1915, ndipo china chimene chinawawawa anthu chinali thangata lomweli mukuwerengali. Ndiye mukadzafika ku Thyolo kapena ku Mulanje n'kupeza banja la ana asanu lili ndi kamunda kosakwana n'komwe chakudya cha chaka, tiyi atazungulira mbali zonse, mwana akujomba kusukulu kupita ku ganyu, ngati mbiri ya malo simukuidziwa mudzalemba mu lipoti kuti makolo ndi osasamala, pomwe vuto linayamba agogo awo asanabadwe.

China ndi ichi, nditangoyamba ntchito ndinapatsidwa nkhani ya ana awiri, mayi awo anamwalira, bambo akufuna kuwatenga apite nawo kwawo, akuchikazi akukana. Ine ndinangofikira kuyankhula ndi bambo ndi agogo, malume sindinawaitane, ndipo ulendo wonse unapita pachabe chifukwa kumeneko ndi kwa chikamwini, mwini mbumba ndi malume, palibe akanavomera kanthu iwo kulibe. Ndinachita kubwerera kukapepesa kudzera kwa amfumu. Nkhani yomweyo ikanakhala ku Mzimba komwe amapereka lobola bwenzi ikuyenda mwina. Lamulo ndi limodzi, limati tiyang'ane chokomera mwana, koma khomo lolowera limasiyana.

Chikondi_LL:
Ndikugwirizana ndi achimwene pamwambapa koma Nachisale naye ali ndi mfundo. Vuto si history ayi, vuto ndi mmene zina zimaphunzitsidwira, kungoloweza. Ife tinaloweza Maslow, Piaget, Bowlby ndi attachment theory yake yokamba za ubale wa mwana ndi womulera, onsewo analemba akuyang'ana mabanja a ku Ulaya ndi ku America, pomwe kuno mwana amaleredwa ndi agogo, azakhali, mayi aang'ono amene amawatchula kuti mayi basi. Inuyo mwakulira kwa agogo, ndiye muli ndi poyambira kale, mu assignment musaope kulemba kuti theory iyi apa ikugwira, apa ikuperewera, bola mupereke zifukwa. Ma lecturer abwino amakonda zimenezo kuposa kukopera za pa intaneti.

Pa case study yanuyo malamulo muwadziwe ndi zaka zake, anthu amataya mamalikisi pamenepa. Child Care, Protection and Justice Act ndi ya 2010. Lamulo la maukwati loika zaka 18 ndi la 2015, koma Constitution inkalolabe wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera mpaka pomwe anaisintha mu 2017, ndiye pakati apo malamulo awiri amakokana. Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006. Mukafunsa kuti zinatenga bwanji nthawi yonseyi, mwalowa kale mu history mukuithawayo.

MayiNkhoma:
Mwanawe, ine ndikambepo za ethics chifukwa ndi imene imandipweteka mtima. Ndimalandira ana a sukulu obwera pa attachment, ndipo chaka china mtsikana wina, wabwinobwino ndi wolimbikira, anajambula mwana amene tinamupeza atamenyedwa n'kuika pa status ya WhatsApp kuti anthu amve chisoni. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa, mpaka amene anamumenyayo, ndipo mayi a mwanayo sanabwerenso kwa ife. Sanachite mwa nkhanza, sanadziwe chabe kuti chinsinsi cha munthu si chako. Ndiye kalasi imeneyo mukhalemo ndi mtima wonse. Mudzakumana ndi mtsikana wokuuzani zimene akumuchita bambo omupeza n'kukupemphani kuti musauze aliyense, inu mukudziwa kuti nkhani iyenera kufika ku Victim Support Unit, ndiye mumuuza bwanji osamunamiza komanso osamutaya? Yankho lake mumaliganizira muli m'kalasi, chifukwa tsiku limenelo nthawi yoganiza sipakhala.

Komanso case study yanuyo, ngati mukutenga banja lenileni sinthani maina, mudzi, ngakhale chiwerengero cha ana.

Nachisale22:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi mwandigwira pamtima, ndimati ndilembe za banja loyandikana ndi agogo kumudzi ndipo maina ndinali nditawalemba kale mu kope, ndafufuta pompano. Zoti agogo akhale poyambira ndazikonda achimwene Chikondi. Ya thangata ndiyamba usiku uno ndiione ndi maso ena. Koma Act ya 2010 ija ndingaipeze kuti? Ku library kuli kope imodzi ndipo siipezeka pa shelefu.

Chikondi_LL:
Sakani pa MalawiLII, webusaiti ya malamulo a Malawi, ilipo yaulere, dawunilodani mukakhala pa wifi musathe bundle. Ndi yaitali ndiye musayambire tsamba loyamba, pitani pa gawo lofotokoza mwana wofunika chisamaliro ndi chitetezo, case study yanu yagona pamenepo.