Foni yadutsa m'manja mwa ena: tingadziwe bwanji ngati wina akuwerenga zathu?

Nabanda, Matawale

Moni nonse. Funso langa ndi la foni imene yagona kwa okonza kumsika wa Zomba, kapena yogula kwa munthu, kapena imene wina wa m'nyumba amaitenga nthawi ndi nthawi. M'magulu a banki m'khonde nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa msungichuma amasunga Airtel Money kapena Mpamba ya gulu lonse pafoni yomweyo imene amachezerapo pa WhatsApp. Pa Facebook pakuyenda uthenga woti ukaimba *#21# umadziwa ngati akukuzonda. Kodi ndi zoona? Ngati si zoona, munthu ayang'ane pati, kuyambira pati, pa Tecno kapena Itel wamba? Nanga boma ndi kampani ya netiweki amaona chiyani kwenikweni?

Che Jafali, Chinamwali

A Nabanda, *#21# siona kazitape aliyense. Imangokuuzani ngati anthu okuimbirani akukhotetsedwera ku nambala ina. Inzake ndi *#62#, imene imaonetsa komwe woimba amafikira foni yanu ikakhala yothimitsa kapena kunja kwa netiweki. Ambiri akaona nambala yachilendo pamenepo mtima umagunda, chonsecho kawirikawiri imakhala ya voicemail ya kampani yawo yomweyo. Koma kukhotetsako musakupeputse. Akathyali amaimba ngati ogwira ntchito kukampani n'kukuuzani kuti mulembe **21*, kenako nambala yawo, kenako #. Mukatero, aliyense wokuimbirani amafikira kwa iwo, kuphatikizapo makina a WhatsApp amene amaimba n'kutchula manambala 6 olowera mu akaunti. Mankhwala ake ndi ##002#, imafufuta kukhotetsa konse.

Koyamba kuyang'ana ndi mu WhatsApp momwemo. Dinani timadontho titatu pamwamba kumanja, musankhe "Linked devices". Akaunti imodzi imatha kulumikizidwa ndi zipangizo zina 4, ndipo kulumikiza kumatenga nthawi yochepa kuposa kuthira tiyi: munthu atenga foni yanu ili yosakiya, ajambula kachizindikiro ka QR pa kompyuta kapena pafoni yake, abweza. Kuyambira pamenepo uthenga uliwonse umafikanso kwa iye, ngakhale ali ku Liwonde. Chipangizocho sichichoka msanga chokha, chimatuluka ngati foni yanu yakhala masiku 14 osatsegula WhatsApp. Mukapeza "Chrome", "Windows" kapena dzina lina limene simukulidziwa, lidineni musankhe "Log out". Ilipo njira ina yolumikizira popanda kugwira foni, ya zilembo ndi manambala 8. Wina akakutumizirani zimenezo kuti muzilembe mu WhatsApp, kaya akuti n'zovotera mwana wake pampikisano, kaya n'zolandirira bandulo yaulere, dziwani kuti akukupemphani kiyi wa nyumba.

Mukatha apo pitani ku "Settings", "Account", "Two-step verification", muike manambala 6 anuanu ndi imelo imene mumatha kuitsegula. Akaunti ikabedwa kale, lembetsaninso nambala yanu pa WhatsApp. Manambala obwera pa SMS akalowa, wakubayo amatulutsidwa. Ngati anaika kale pini yake, mudikira masiku 7 kuti mulowe, koma iye amakhala atatuluka.

Chachiwiri, chimene ambiri amachiiwala, ndi akaunti ya Google. Kuno anthu ochuluka anawatsegulira ndi wogulitsa foni kapena mwana wa m'nyumba, ndipo pasiwedi akuidziwa ndi wotsegulayo, mwini foni ayi. Wodziwa pasiwediyo safunika kuika chilichonse m'foni mwanu. Atha kuona zithunzi zimene zakwera ku Google Photos, manambala a anzanu, ndi pamene foni ili pamapu kudzera pa chida chofufuzira foni yotayika. Tsegulani "Settings", "Google", "Manage your Google Account", "Security". Onani mndandanda wa zipangizo, tulutsani zachilendo, sinthani pasiwedi, kenako onani nambala ndi imelo yobwezeretsera akaunti. Apa ndi pamene ambiri amagwa: asintha pasiwedi koma nambala yobwezeretsera ikadali ya munthu uja, mawa lake iye ayisinthanso. Mu Google Maps dinani chithunzi chanu, muone "Location sharing", muchotse aliyense amene simunamuikepo dala.

Naphiri, Mpondabwino

Zimene anena Che Jafali ndi zimene zimapezeka kwambiri, ine ndiwonjezere za mapulogalamu ozonda amene amaikidwa m'foni momwe. Amenewa saonetsa kachithunzi pasikirini, ndipo amadzipatsa mayina ngati "System Service" kapena "Sync Services" kuti muziona ngati ndi a foni yomweyo. Koma kuti agwire ntchito amafuna zilolezo, ndiye timawagwirira pamenepo. Pa Tecno, Itel ndi Infinix malo a zinthu amasiyana, choncho lembani dzina m'kabokosi kofufuzira ka mu "Settings".

Yambani ndi "Accessibility". Gawoli analipangira anthu ovutika kuona kapena kugwira, ndipo pulogalamu imene yaloledwa pamenepo imawerenga chilichonse chooneka pasikirini, ndi zimene mukulemba zomwe. N'chifukwa chake kubisa mauthenga kwa WhatsApp sikuthandiza apa: uthenga umabisika uli panjira, koma ukafika pasikirini ndi wapoyera. Pini ya Mpamba imene mukulemba pa *444#, kapena ya Airtel Money pa *211#, ingawerengedwenso motero. TalkBack ndi Select to Speak ndi za Google, zisiyeni. China chilichonse choyatsidwa chimene simukuchidziwa, chithimitseni. Kenako "Device admin apps". Pulogalamu imene ili pamenepo imakana kufufutika mpaka mutaichotsa chilolezocho, n'chifukwa chake batani la "Uninstall" limaoneka lofota. Onaninso "Notification access" ndi "Install unknown apps". Mu Play Store dinani chithunzi chanu, musankhe "Play Protect", mlonda wa Google wopima mapulogalamu oipa: mukaipeza yothimitsidwa inu musanaigwirepo, pali dzanja la munthu, chifukwa malangizo oikira mapulogalamu ozondawa amayamba ndi kuithimitsa.

Kutentha kwa foni ndi kutha msanga kwa batire si umboni, batire yokalamba imachitanso zomwezo. Choona bwino ndi "Data usage": pulogalamu yosadziwika imene ikudya ma MB ambiri kuseri ikutumiza kanthu kwinakwake. Ndipo ma WhatsApp osavomerezeka ngati GB WhatsApp ndi anzake amene timapatsana pa Xender, achotseni. Simudziwa amene anawasoka, ndipo WhatsApp imatseka maakaunti owagwiritsa ntchito.

Chenjezo limodzi, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse. Ngati woika zimenezi ndi mwamuna kapena chibwenzi chankhanza, musathamangire kufufuta. Iye amaona nthawi yomweyo kuti mauthenga asiya kubwera, ndipo mkwiyo wake ugwera inu. Jambulani zimene mwapezazo ndi foni ina, muuze munthu wodalirika pakamwa osati pafoni yomweyo, ndipo pitani ku Victim Support Unit kupolisi foniyo ili momwe ilili.

Bambo Chirwa, Sadzi

Ndiyankhe mbali ya boma ndi makampani. Kuyambira 2018 simu iliyonse imalembetsedwa m'dzina la munthu, choncho nambala yanu ndi chiphaso chanu cha unzika ndi zomangirizana. Kampani imadziwa amene munamuimbira, nthawi yake, kutalika kwake, nsanja imene foni yanu inali kugwirako, ndi IMEI, manambala 15 amene amaoneka mukaimba *#06#. IMEI ndi ya foni, si ya simu, ndiye wosintha simu koma foni ili yomweyo sanabisale. M'tauni momwe nsanja zayandikana malo anu amadziwika moyandikira, koma cha ku Jali kapena kunyanja ya Chilwa nsanja imodzi imagwira dera lalikulu. SMS ndi kuimba wamba sizibisidwa kuchokera kwa wotumiza kufika kwa wolandira. WhatsApp imabisa choncho kuyambira 2016, ndiye kampani imaona kuti mukudya bandulo pa WhatsApp koma mawuwo siiwaona.

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo limatchula makalata ndi kulumikizana kwa pa lamya. Makina a CIRMS amene MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawayilesi, inagula, omwe anthu anawatcha "spy machine", anakhala zaka akukokanirana m'makhoti chifukwa cha mantha omwewa, pamene MACRA inkati ndi oyezera ntchito ndi ndalama za makampani. Mu 2024 kunabwera Data Protection Act, imene inapatsa MACRA udindo woyang'anira momwe mabungwe amasungira mbiri za anthu. Palinso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Lamuloli limaletsa kulowa m'zipangizo za wina popanda chilolezo, koma ndi lomwelonso lamangitsapo anthu chifukwa cha zolemba zawo pa WhatsApp ndi Facebook. Anthu akamva zimenezi amati boma lathyola WhatsApp. Silifunika kuthyola: gulu limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo mmodzi wojambula sikirini ndi wokwanira.

Pulogalamu yozonda yotchedwa Pegasus, ya kampani ya NSO Group ya ku Israel, iliko ndithu, ndipo mu 2019 WhatsApp inaisumira ponena kuti inazonda anthu pafupifupi 1,400. Imalowa popanda mwini foni kudina kanthu, ndipo njira zimene a Naphiri afotokoza sizingaipeze. Koma ndi yodula kwambiri, amagula ndi maboma, ndipo yapezeka kwambiri m'mafoni a atolankhani, omenyera ufulu ndi andale. Otere aziika zosintha zonse za foni zikangotuluka, ndipo a iPhone ayatse "Lockdown Mode". Msungichuma wa ku Matawale amene akumusaka ndi kathyali, osati Pegasus.

Mbewe, Chikanda

Musaiwale makompyuta a m'malo osindikizira, makamaka kuno kumene ophunzira a pa yunivesite ku Chirunga amapulinta ntchito zawo. Munthu alowa WhatsApp Web kapena Gmail kuti atsitse fayilo, alipira, apita, akaunti ili chitsegukire. Kutseka zenera si kutuluka. Bwino kutumiza fayiloyo ku nambala ya shopu, ndipo ngati ndi chiphaso cha unzika muimirire pomwepo mpaka aifufute mu "Downloads" ndi mu "Recycle Bin".

Fulashi ikabwerako mafoda onse atasanduka timivi ta shortcut, musadine kalikonse, kudinako ndi kumene kumadzutsa kachilombo. Mafayilo anu alipo, angobisidwa. Ipimeni kaye ndi Windows Security, kenako mu Command Prompt lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda akaonekera, fufutani ma shortcut ndi mafayilo achilendo othera ndi .vbs kapena .exe. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka zigamba wamba zachitetezo za Windows 10 pa 14 Okotobala 2025, ndipo Windows 7 inasiyidwa mu Januwale 2020. Zabanki musachitire pamakina otero.

Nabanda, Matawale

Zikomo nonse, izi ndikaziwerenga kugulu. Funso lotsala: kuifomata foni kumathetsa zonse? Nanga popita kwa okonza munthu akonzekere bwanji?

Che Jafali, Chinamwali

Kufomata kumachotsa pafupifupi mapulogalamu onse ozonda ogulitsidwa wamba, koma sikukhudza akaunti ya Google, kukhotetsa kwa mafoni oimba, kapena pini imene wina anailoweza. Ndiye tsatirani ndondomeko iyi: sinthani pasiwedi ya Google pa chipangizo china chodalirika, chifukwa pafoni yokayikitsayo yatsopano iwerengedwanso. Sungani zithunzi ndi manambala, mapulogalamu ayi. Mukatero mufomate, ndipo pasiwedi muikumbukire chifukwa foni idzaifunsa isanatseguke. Mapulogalamu muikenso amodzi amodzi kuchokera mu Play Store. Pomaliza musinthe pini ya ndalama. Chaka chobadwa chisakhale pini, chalembedwa pachiphaso chimene mumaonetsa kwa ajenti.

Kwa okonza, chotsani simu ndi memore khadi musanapereke. Kusintha sikirini, batire kapena potchajira sikufuna pini yanu. Akafuna kuyesa, tsegulani nokha muli pomwepo. Ma Samsung atsopano ali ndi "Maintenance mode" imene imabisa zanu zonse. Foni ikabwerako, bwerezani zonse zimene tanena pamwambapa.

Simu nayo ikhale ndi pini yake, pansi pa "SIM card lock". Popanda iyo wakuba amangoichotsa n'kuika m'kafoni kena, ma SMS onse a manambala olowera n'kumafikira iye. Samalani poika: mukalakwitsa katatu imatsekeka n'kufuna PUK ya manambala 8 imene ili pakhadi lalikulu lija munathyolapo simu, ndipo PUK ikalakwika ka 10 simu yafa. Wokuimbirani kuti watumiza ndalama molakwika, kapena kuti mwapambana mphoto, musamukhulupirire chifukwa cha SMS imene mwalandira. Onani nokha ndalama zotsala pa *211# kapena *444#. Nyuzipepala zalembapo kangapo kuti ena mwa oimba chotero amakhala akaidi a kundende ya Zomba konkuno. Ndipo foni yanu ikangoti "No service" pamene a netiweki yomweyo pafupi nanu akuimba bwinobwino, ithimitseni n'kuyatsanso kamodzi. Ikapanda kubwerera, mwina wina watulutsa simu ina pa nambala yanu: bwerekani foni muimbire kampani atseke akaunti ya ndalama, kenako mupite kushopu yawo tsiku lomwelo ndi chiphaso chanu.