Ndikufuna kukonzanso shopu yanga ya masamba ndi zipatso, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina

A admin, chonde dzina langa lisaoneke, pa gulu pano pali abale a kuchimuna. Abale anga, ndithandizeni nzeru, mutu wanga waima. Ndili ndi kashopu ka ndiwo zamasamba ndi zipatso pa high street (msewu waukulu wa mashopu) ya tauni ina kufupi ndi Manchester. Kale munkagulitsa gogo wina wachizungu mpaka msana unamukana, ndiye ife tinalowamo zinthu zili momwe anazisiyira: mashelefu amatabwa odetsedwa ndi dothi la mbatatesi, kansalu kobiriwira konga kapinga koyala pansi pa zipatso, magetsi achikasu ochititsa tomato kuoneka ngati wagonera. Zilembo za pachikwangwani zinasuluka, moti sabata yatha mayi wina analowa n'kundifunsa ngati tikugulitsa zotsala kuti titseke. Ndinakalirira kuchipinda cha kumbuyo.

Ndasonkhanitsa £6,000, ina ya chipereganyu, ina ya mashifiti a usiku amene ndikugwirabe kunyumba yosamalira okalamba. Ndikufuna penti, chikwangwani choyaka usiku, filiji yaikulu ya masamba ija yopanda chitseko, ndi matebulo apanja kuti zipatso zizionekera patali. Amene anabwera kudzayeza wandiuza kuti ndalamayi singakwanire zonse.

Koma china chikundiwawa. Alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, amadzitcha mnzanga pa bizinesi koma amabwera Loweruka lokha, atavala suti, n'kunyamula mapeyala ndi chinangwa osalemba m'buku. Ndikadandaula, bambo a kunyumba amangoti ndi magazi amodzi, zisiye. Chonsecho wodzuka 3 koloko m'bandakucha kukaoda ku New Smithfield Market ndine, nyengo yozizira zala zochita kuuma pachiwongolero. Mwana wanga wamkulu akukana kuima pakauntala, akuti anzake a kusukulu azimuseka kuti akununkha anyezi. Kumudzi ku Ntcheu foni ndi ya feteleza yokhayokha. Buku la ngongole ladzaza mayina a anthu amene ndimapemphera nawo. Ndiye kumapeto kwa msewu wathu kwatsegulidwa supamaketi yotchipa, poimika galimoto paulere, pamene pakhomo panga pali mizere iwiri yachikasu yoletsa kuimika galimoto.

Kodi kukongoletsa shopu kumabweretsadi makasitomala, kapena ndingotaya ndalama? Ndiyambe chiti?

Bambo a Tadala, Coventry

Mayi, vuto si penti ayi. VUTO NDI IFE AMALAWI. Ndanena pa gulu pano mpaka kukhosi kwauma. Taonani anzathu a ku Nigeria, a ku Ghana, a ku Pakistan: munthu amakwera basi ziwiri kukagula anyezi kwa wakwawo. Ife timadutsa pakhomo pa mnzathu maso tayang'ana kumbali, kukasiya ndalama ku supamaketi, ndiye m'thumba mukauma n'kubwerera kwa mnzathu yemwe uja kudzakongola. Woolworths inagwa mu 2008 ili ndi masitolo opitirira 800. Debenhams inatseka mu 2021, Wilko mu 2023. Ngati zimphona zimenezo zinagwa, kashopu ka mayi mmodzi kaima bwanji ife osakagwira mkono? Yendani pa high street iliyonse lero muone chatsala: malo a njuga, mashopu a vape, ometa tsitsi, kwina mawindo anakhomedwa matabwa. Tikudzipha tokha!

Nachisale wa ku Leeds

Achemwali, pepani ndi zonsezi. Koma simunanene, nyumbayo ndi yanu kapena ndi ya lendi? Ngati ndi ya lendi, lease (pangano la lendi) yatsala zaka zingati?

Mnyamata wa pa Ndirande

Alamu a suti aja azikwera pasikelo polowa, n'kukweranso potuluka. Zoonjezerekazo alipire pa kilo 😂

Amake Fatsani, Luton

Ndawerenga misozi ili m'maso chifukwa ine zinandionekera. Ndinali ndi saluni. Ndinamata magalasi khoma lonse, pansi matailosi atsopano, mipando yoitanitsa ku Turkey, ndalama yake yochita kukongola. Pangano litatha mwini nyumba anakana kundiwonjezera, n'kundiuzanso kuti magalasi ndi timakoma tomwe ndinamanga ndichotse ndekha, pa ndalama yanga. Lero m'menemo akugulitsamo mafoni, matailosi anga akuponda ena. Ndikamadutsa pa basi ndimayang'ana mbali ina. Ndipo ndi nthawi yomweyo bambo a Fatsani anayamba kubwera usiku, akuti ndinkakonda saluni kuposa banja, pomwe amene ankadya ndalama ya saluniyo ndi mlongo wawo. Achibale a kuchimuna pa bizinesi, mayi, thawani.

Nankhoma

Musanagule penti itanani abusa adzapempherere malowo. Simukudziwa zimene anasiyamo amene munawalowa m'malo. Nanga chakhumi mukupereka?

Namaseko, Bolton

A Bambo a Tadala, tisanamizane. Ine ndili ndi ana atatu ndipo ndimalandira malipiro otsikitsitsa aja, amene mu Epulo 2025 anafika £12.21 pa ola. Kaloti, anyezi ndi mbatatesi ndimagula ku Aldi kapena ku Lidl, ndipo sindichita nazo manyazi. Kwa mayiwa ndingapite kukafuna zimene supamaketi ilibe: nkhwani, mpiru, bonongwe, therere, chimanga choyera chachiwisi chowotcha. Kuli alimi ochokera ku Zimbabwe amene amalima chimanga choyera ndi repu konkuno ku England nyengo yotentha. Afunefuneni amenewo mayi. Pa kaloti simungalimbane ndi anthu oitanitsa ndi malole.

Bambo a Tadala, Coventry

Mwamva? NDI ZIMENE NDIKUNENAZI. Munthu akuchita kunyadira pagulu! Mayi a ku Bolton, timakobiri mwapulumutsa pa kalotito tidzakuthandizani chiyani? Tsiku limene kwanu kudzagwe zovuta, tikusonkha ndalama ya ndege kuti thupi lipite kumudzi, supamaketi idzasonkha nawo? Adzasonkhe ndi mayi yemweyu amene lero mukumudutsa. Ndalama ya kashopu imazungulira pompano: amalipira woyendetsa vani, amalemba ntchito mwana wa mnzathu Loweruka, amapereka kabichi pa chinkhoswe. Ya supamaketi ikalowa m'makina yapita basi.

Namaseko, Bolton

Za maliro zalowa bwanji pa nkhani ya kaloti? Inuyo bambo, mwezi uno mwagula chiyani kwa Mmalawi? Tionetseni lisiti.

Bambo a Tadala, Coventry

Ine ufa ndimachita kuyendera pa galimoto mpaka ku Birmingham, funsani aliyense wondidziwa. Sindisunga malisiti chifukwa sindigulira kuti anthu andione.

Wakale wa pamsika

Ndinagwirapo ntchito pa benchi ya zipatso mumsika wa Leicester. Filiji yopanda chitsekoyo iwaleni, imadya magetsi usana ndi usiku. Pezani ya zitseko zagalasi, ngakhale yogwirapo kale ntchito. Mababu sinthani muike a LED oyera, mapepala onse omata pawindo chotsani, windolo lizitsukidwa m'mawa uliwonse. Katundu aunjikidwe m'makreti opendekera kutsogolo, zofiira pafupi ndi zobiriwira, ndipo kreti ikafika theka thirani zotsalazo m'kadengu kakang'ono kuti zizionekabe zodzaza. Nthochi ndi tomato zisayandikane ndi masamba, zimatulutsa mpweya wofulumizitsa kupsa ndiye masamba amachita chikasu. Mbatatesi zisakhale pawindo, zikaona kuwala zimabiriwira. Mtengo ulembedwe pa chilichonse, pakuti anthu a kuno akasowa mtengo safunsa, amangotuluka mwaulemu. Zoyamba kufooka muziika m'mbale za £1 madzulo. Zonsezi sizingadye ngakhale theka la ndalama mwatchulayo.

Achimwene a ku Nkhotakota

Ikanimo usipa, utaka ndi chambo chouma, muona mzere wake. Ine ndikupita kumudzi mu Disembala, ndili ndi masutikesi awiri a 23kg. Ndipezeni ku inbox.

Nachisale wa ku Leeds

Ayi achimwene, nsomba ya musutikesi ndi yodya pakhomo. Yogulitsa m'shopu imafuna mapepala osonyeza kumene yachokera, ndipo a zaumoyo a khonsolo akaipeza ilibe, wovutika ndi mayiwa, osati inu. Achemwali, funso langa la lease lija?

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. A Nankhoma, abusa anabwera kale tikungotsegula. Achimwene a pa Ndirande mwandiseketsa, ndinali nditaiwala kuseka. Dzulo lomweli alamu aja anyamulanso bokosi lathunthu la mango, akuti ndi la kumpingo kwawo. Amake Fatsani, nkhani yanu yandikhudza. Nanga penti ndisankhe mtundu wanji, wobiriwira kapena wofiira? Mwana uja akuti wakuda ndi umene uli m'fasho.

Bambo a Tadala, Coventry

Mitundu ya mbendera yathu, mayi! Wakuda, wofiira, wobiriwira, dzuwa likutuluka pamwamba pa chitseko. Aliyense wodutsa adziwe kuti apa ndi pa Mmalawi. N'chifukwa chiyani timadzibisa? Anzathu a ku Poland amalemba Polski Sklep zilembo zikuluzikulu, saopa munthu.

Namaseko, Bolton

Amalawi m'tauni imeneyo alipo angati oti n'kulipira lendi ya shopu? Osunga malo ngati amenewo ndi agogo achizungu okoka kangolo, ofuna maapozi awiri ndi wocheza naye, kuphatikiza mabanja a ku Asia ndi a ku West Africa. Pentani mtundu woti aliyense alowe. Amalawi anu aja mwamva kale kuti ali m'buku la ngongole.

Bambo a Tadala, Coventry

Ndiye tingovomereza kuti ndife anthu a ngongole? Ayi! Amene muli m'buku limenelo ndipo mukuwerenga pano, MUKALIPIRE LERO. Mulungu akukuonani.

Mayi wa mapasa

Kamakina ka khadi muli nako? Ine ndili ndi khadi ya Healthy Start, ija boma limapereka kwa amayi oyembekezera ndi a ana osakwana zaka 4 amene amalandira thandizo. Imagula mkaka, zipatso ndi masamba, ndipo imagwira m'shopu ya zakudya yolandira Mastercard. Matani kapepala pachitseko kuti mumalandira, amayi ambiri amaganiza kuti ndi ya ku supamaketi kokha.

Wowerengera ndalama, Stockport

Musanakhome chikwangwani choyaka imbirani a planning (oona za zomangamanga) ku khonsolo yanu. Zikwangwani zoyaka nthawi zambiri zimafuna chilolezo, makamaka ngati msewuwo uli mu conservation area (dera lotetezedwa chifukwa cha mbiri kapena maonekedwe a nyumba zake), ndipo akhoza kukuuzani kuti muchichotse mutalipira kale. Matebulo apanjanso, ngati akhale panjira ya anthu oyenda pansi, amafuna chilolezo. Onaninso kalata yanu ya business rates (msonkho wa malo ochitirapo bizinesi). Kuno ku England, ngati rateable value ya malowo (mtengo umene boma limawerengerapo msonkhowo) ndi £12,000 kapena kutsika ndipo mulibe shopu ina, simuyenera kulipira kalikonse, ndipo pakati pa £12,000 ndi £15,000 amachotserako. Ena amalipira zaka ndithu osadziwa kuti akanapempha kuchotseredwa kumeneku, kotchedwa small business rate relief.

Gogo Nabanda

Mwana wanga, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Upenta kunja alamu ako akutulutsa katundu kumbuyo. Khalani pansi ndi ankhoswe kaye.

Nachisale wa ku Leeds

Achemwali, ndifunsanso, musandione ngati wovuta. Pali lamulo la Landlord and Tenant Act 1954 limene limapatsa wochita lendi ya bizinesi ufulu wopempha lease yatsopano yakale ikatha. Koma eni nyumba ambiri amasainitsa anthu pangano lochotsa ufulu umenewo, amati contracted out. Ngati lanu ndi lotero ndipo kwatsala chaka chimodzi, £6,000 yanu mukongoletsera nyumba ya wina, ngati zinawachitikira Amake Fatsani. Lease yomweyo ndi imene imanenanso ngati mungasinthe kutsogolo kwa shopu popanda kalata ya mwini nyumba, komanso zimene muyenera kubwezeretsa potuluka. Pepalalo likuti chiyani?

Membala wobisa dzina

Asisi a ku Leeds, pepala limenelo lili ndi alamu. Anakasaina ndi iwo chifukwa nthawi imeneyo ine ndinali kumudzi ku maliro a mayi anga. Lendi ndimawapatsa iwo mwezi ndi mwezi, iwo n'kukapereka. Zaka zake sanandiuze.

Nachisale wa ku Leeds

Ndiye musagule ngakhale burashi. Apempheni kope la lease sabata ino, muone dzina limene lalembedwapo ndi tsiku lothera, mupite nalo kwa loya wa za nyumba zamalonda. Funsaninso umboni woti lendi ikufikadi kwa mwini nyumba. Pakadali pano chitani zokhazo zimene mungathe kunyamula mutachoka: makreti, mababu, filiji, kamakina ka khadi.

Amake Fatsani, Luton

Mayo ine, ndinanena. Chimodzimodzi mlamu wanga uja.

Bambo a Tadala, Coventry

Kaya pepala lili ndi ndani, shopu ndi ya Mmalawi ndipo tiyenera kuigwira mkono. Loweruka loyamba la Disembala ndi Small Business Saturday, tsiku lolimbikitsa kugula m'mabizinesi ang'onoang'ono, dziko lonse lino. Ine ndipereka galimoto yanga, ena abwere ndi zawo, tikagule mpaka mashelefu ayere, KESHI osati ngongole. Lembani mayina pansipa. Mayi a ku Bolton, inu ndiye muli pafupi, tione ngati dzina lanu lioneke.

Namaseko, Bolton

Tilowera kuti bambo, poti mwini wake wabisa dzina ndi tauni yomwe? Ndipo akaulula pano alamu aja awerenga.

Bambo a Tadala, Coventry

Mwayamba kale kufuna pothawira. A admin akudziwa, atiuza kumbali. Mayina abwere!