Shawa yandizunguza mutu, madzi akubwera ndi mphamvu kwambiri

Moni nonse mgulu muno, ndithandizeni nzeru makamaka inu odziwa za mapaipi. Nyumba yathu ili kumunsi kwa chitunda, mmene mukuidziwira Blantyre, ndiye anzathu akumtunda akamalira kuti madzi akungodontha ife kuno vuto ndi lina, amabwera ndi mphamvu moti ukatsegula mpopi wa kukhitchini akunyowetsa malaya. Masana zimakhalako bwino koma usiku ndi m'bandakucha ayi ndithu. Paipi yofewa ya shawa ija inaphulika, yatsopanoyo nayo yayamba kudontha pomangira, komanso munthu akatseka mpopi mwachangu mukhoma mumamveka kuti gu! Chikundinyasa kwambiri nchoti otentha ndi ozizira sakugwirizana, ukangotsegula ozizira pang'ono otentha aja asowa, ukachepetsa akuwotcha, ana abwerera kusambira mchidebe chonsecho shawa ilipo. Pulambala wina anati ndizingotseka pang'ono valuvu ya pa mita, tinatseka koma kudontha sikunasiye. Ndigule chani? Nanga giza siiwonongeka?

Bambo a Chiso: Achimwene valuvu ya pa mitayo imangochepetsa kuchuluka kwa madzi mpopi ukakhala wotsegula, mukatseka mipopi yonse presha imabwerera mwakale mwake, ndichifukwa chake kudontha sikunasiye. Chofunika ndi valuvu yochepetsa presha, pressure reducing valve, ena amangoti PRV. Imaikidwa mukadutsa mita, mbali yanu, mbali inayo ndi ya a water board musakhudze. Ambiri amaitchera pa 3 bar (bar ndi muyeso wa presha ya madzi) ndipo shawa imakhala ikutuluka bwinobwino.

Mayi a Tadala: Ifenso kwathu zomwezo, usiku thanki ya toilet imangolira yokha. Ndikutsatira.

Bambo a Chiso: Usiku anthu ambiri amakhala atagona sakutunga, ndiye mphamvu yonse imatsalira mmapaipi. Kuonjezera apo kukhala kumunsi, mamita 10 aliwonse otsika kuchokera pa thanki yaikulu ya a water board amawonjezera pafupifupi 1 bar. Musanagule kanthu bwerekani geji yoyezera presha kwa pulambala muimange pa mpopi wapanja, muwerenge masana muwerengenso usiku, mukapeza ikupitirira 5 kapena 6 bar basi nkhani ndi yomweyo.

Wa ku Joni: Bwana nkhani ya otentha ndi ozizirayo ndiiyankhe ine, ndimagwira ntchito imeneyi kuno ku Johannesburg. Onani kachitsulo kolembedwa pa giza panu, magiza ambiri ochokera kuno amalembedwa 100, 400 kapena 600 kPa, ndipo 100 kPa ndi 1 bar. Zimene mapulambala ena amachita, amaika valuvu yochepetsa presha pa giza pokha koma ozizira a kushawa nkuwatenga molunjika ku mita. Ndiye pa mikisa, mpopi wosakaniza otentha ndi ozizira uja, pakukumana amphamvu ndi ofooka, ozizira aja amakankha otentha kuwabweza. Auzeni adule paipi ya ozizirayo aitenge pamene madzi adutsa kale pa valuvuyo kuti onse azibwera ndi presha yofanana, mukapanda kutero mugula mamikisa mpaka mutopa. Kapaipi ka panja ka giza kakamadontha pang'ono pamene ikutenthetsa nzabwinobwino, koma kakamangotuluka osalekeza valuvu yafa. Chonde musakatseke kapaipi kameneko ndi pulagi, ndi kachitetezo, giza ikhoza kuphulika.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Pa giza palembedwa 400 kPa, ndiye PRV ya pa mita ndiitchere pa 3 bar kapena 4? Komanso nyumbayi ndi ya lendi, ndalama zimenezi ndipereke ine kapena alandilodi?

Wa ku Joni: Isapitirire 4, pa 3 zili bwino. Za ndalamazo kambiranani kaye ndi alandilodi musanadule paipi iliyonse, muwaonetse nambala ya pa geji ija.