Mphuno zotsekeka miyezimiyezi, tikayezetse kuti?

Abale anga, ndigawireni nzeru. Bambo a kunyumba kwanga mphuno zawo zinatsekeka nthawi yozizira ija, mpaka lero. Poyamba tinkati ndi chimfine cha kuno ku Zomba, koma chimfine sichikhalitsa chonchi. Amapumira kukamwa, usiku mkonono wake ana amachita kudandaula, mamina amatsikira kukhosi. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'choti fungo sakulimvanso. Ndiwo zimapserera iwo ali pomwepo, osadziwa kanthu. Chakudyanso akuti sichikukoma.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu adokotala anawaunika ndi tochi n'kunena kuti akuganizira ma polyp, tinthu tofewa, tosapweteka, timene timamera m'mphuno mkatimo mukakhala motupa nthawi yaitali, kupitirira milungu 12. Akuti timakonda kugwira anthu a mphumu ndi amene thupi lawo limadana ndi aspirin. Bambowa mphumu anayamba kudwala ali mwana.

Anatiuza kuti pofuna kutsimikiza amalowetsa kachubu ka kamera m'mphuno, nthawi zina n'kujambulanso CT scan. Ndiye ndifunse: kodi ku Zomba Central tingakapeze dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, kapena n'kofunika kupita ku Queens ku Blantyre? Pamafunika kalata yochokera kuchipatala chathu? Inu amene munagwiritsapo ntchito mankhwala opopera m'mphuno aja, anakuthandizani, kapena mapeto ake ndi opaleshoni basi? Ndamva kuti tinthuti timatha kumeranso ngakhale atatichotsa, ndiye bambowa akuchita mphwayi.

Magazi satuluka, ndipo zatsekeka mbali zonse ziwiri.