Chipsera cholowa mkati patsaya: ndibayitse filler ukwati usanafike?

MtsikanaWakuSenga

Moni nonse. Ndine wa ku Senga Bay, ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina kuno kunyanja. Funso langa ndimachita nalo manyazi kwa anthu amene timaonana tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake ndalibweretsa kuno.

Chaka chatha nthawi ya dzinja ndinagwa pa kabaza tikuchokera ku Kamuzu Road. Njinga inaterereka pamchenga umene madzi anakokolera pamsewu, ine n'kukamenyetsa tsaya lakumanzere pamwala. Anandisoka, bala linapola. Koma patsala chipsera chotalika pafupifupi masentimita atatu, ndipo n'cholowa mkati. Ndikaseka chimakokeka, tsaya n'kukwinyika pamenepo. Phaudala amabisa kuda kwake koma dzenjelo ayi. Kuwala kukachokera m'mbali, kapena pachithunzi cha foni, limaonekera mbee. Ntchito yanga ndi yomwetulira anthu kuyambira m'mawa, ndipo ndimaona maso awo akafika patsayapo n'kuthawira kumbali.

Chinkhoswe tinachita kale, ukwati ndi wa mu Okutobala. Bwenzi langa limati silikuona vuto, ndipo ndimalikhulupirira, koma mtima wanga sunakhazikike.

Mnzanga wandilumikiza ndi mayi wina wa saluni ku Lilongwe amene amabaya filler. Wanditumizira pa WhatsApp zithunzi za milomo ndi masaya a atsikana amene anawabaya, zokongola ndithu. Akuti jakisoni mmodzi dzenje litsekeka ndipo sizidzatha mpaka kalekale. Mtengo wake ndi theka la ndalama zimene ndasungira diresi. Akutinso tikapezeka atsikana atatu abwera yekha kuno ku Salima Loweruka, adzatibayire kunyumba, ndipo anzanga awiri avomera kale.

Kodi filler ndi chiyani kwenikweni? Ingathandize chipsera chotere, kapena pakufunika opaleshoni? Ndikudziwa ena anena kuti ndingovomereza mmene ndilili. Ndayesetsa. Pano ndikufuna ondiuza zimene akudziwa.

NamwinoWopumaLinga

Mwana wanga, pepa ndi ngoziyo, ndipo tithokoze kuti diso linapulumuka. Ine ndinagwira unamwino mpaka kupuma, pano ndili kwathu ku Nkhotakota. Kufuna kukonza chipsera si tchimo ndipo si kunyada. Chimene chandiopsa mu uthenga wako ndi lonjezo loti zinthuzo sizidzatha.

Filler imene madokotala ambiri amagwiritsa ntchito ndi ya hyaluronic acid, monga Restylane ndi Juvéderm. Ndi madzi olimbirako, onanda, ndipo chinthu chimenechi chilimo kale m'thupi mwathu, pakhungu ndi m'mfundo za mafupa. Chimasunga madzi, ndiye pamene chaikidwa pamafufuma. Thupi limachigaya pang'onopang'ono, pakatha miyezi 6 mpaka 18 chimakhala chatha. Ubwino wake waukulu ndi woti chikaikidwa molakwika pali jakisoni wina, hyaluronidase, amene amachisungunula. Zilipo zina zokhalitsa zimene mayiko ena anavomereza, koma ngakhale madokotala odziwa ntchito amachita nazo mantha chifukwa zilibe chosungunulira. Nanga za m'saluni? Zambiri zotchipa zimene amati sizitha zimakhala silikoni yamadzi kapena mafuta osadziwika. Zimatha kukhala bwinobwino chaka chimodzi, ziwiri, kenako n'kuyamba kuuma timibulu pansi pa khungu, kutupa nthawi ndi nthawi, kapena kutsetserekera pamene sunafune. Pochotsa mpaka mpeni, ndipo chipsera chake chimaposa chimene uli nachocho.

Chachiwiri ndi mitsempha. Kumaso kuli mitsempha ya magazi yambiri, ina imakwera m'mbali mwa mphuno n'kukalumikizana ndi ya m'diso. Singano ikalowa mumtsempha, filler imautseka. Malowo amasowa magazi: ululu woopsa, khungu kutuwa, kenako mawangamawanga, pakapita masiku mnofu n'kufa kusanduka chilonda. Pakhungu lakuda ngati lathuli kutuwako sikuoneka msanga, pamafunika diso lophunzira. Alipo ena amene diso linasiyiratu kuona. Sizichitika kawirikawiri, ndi zoona, koma zikachitika hyaluronidase amafunika nthawi yomweyo, osati mawa. Tsono taganiza, mwanawe: ndi Loweruka madzulo, uli m'nyumba ku Senga Bay, mayi uja wakwera minibasi wabwerera, Lilongwe ili pamtunda woposa makilomita 100. Uthamangira kwa ndani?

Usanamupatse ngakhale ya thiransipoti, mufunse ngati dzina lake lili m'kaundula wa Medical Council of Malawi kapena wa Nurses and Midwives Council. Akutumizire chithunzi cha bokosi la mankhwalawo, dzina ndi tsiku lotha mphamvu zikuoneka. Ndipo umufunse ngati amayenda ndi hyaluronidase. Udzatiuze zimene ayankhe.

MlongoWakuJoni

Asisi, ine ndinabayitsapo, ndiye ndikuuzeni mmene zinayendera. Kwathu ndi ku Chipoka koma ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Ndinaonda kwambiri nditadwala, mizere iyi yochokera pamphuno kutsikira kukamwa inazama, anthu n'kumandifunsa ngati ndikudwalabe. Ndinapita kwa dokotala, dzina lake nditayamba ndalifufuza m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kuno.

Tsiku loyamba sanandibaye n'komwe. Anandifunsa za mankhwala amene ndikumwa, ngati ndili ndi pakati kapena ndikuyamwitsa, ngati ndimatuluka zilonda za pamlomo, ngati dzino lililonse likundipweteka. Anandijambula kutsogolo ndi m'mbali. Tsiku lobaya anandipaka mafuta ochititsa dzanzi, bokosi analitsegula ine ndikuona, kapepala ka nambala ya mankhwala n'kukamata pa fayilo yanga. Ankabaya pang'ono, n'kuima, n'kudina khungu ndi chala kuona ngati magazi akubwerera, n'kundifunsa ngati ndikuona bwino. Potuluka anandipatsa nambala yoti ndiimbe ngakhale pakati pa usiku.

Ndi zonsezo ndinatupa. Mbali imodzi inada ngati ndamenyedwa, ndipo kudako kunatenga pafupifupi masabata awiri. Kumanja kunatsala kambulu kolimba kamene ndinkakamva ndikamatsuka kumaso, mpaka ndinabwerera akakaone. Zotsatira zake zinandisangalatsa, sindinganame. Koma chaka chisanathe mizere inayamba kubwerera, ndipo kuti ndibwereze ndiye kulipiranso ndalama yonse. Sindinabwereze, ndinanenepa ndekha nkhope n'kudzaza.

Ndiye ngakhale mutapeza dokotala weniweni, musabayitse ukwati uli pafupi. Chinanso, anthu amasokoneza filler ndi Botox. Botox sadzaza dzenje, amangofooketsa minofu yokwinya pachipumi kwa miyezi itatu kapena inayi. Wina akakuuzani kuti Botox atseka chipsera, mudziwe kuti akungofuna ndalama zanu.

BamboWakuDwangwa

Achemwali, ine za filler ndisiyira amayi anamwinowo. Ndingokuchenjezani za opaleshoni imene mwatchulayo, chifukwa kwathu tinaiona.

Mayi a kunyumba kwanga anaboola khutu kachiwiri, pamwamba, kuti azivala ndolo ziwiri. Pamalopo panamera chotupa cholimba, chonyezimira, choyabwa usiku. Tinapita kwina anachidula. Chinabwerera chachikulu kuposa poyamba, mpaka anayamba kumanga duku lophimba makutu ngakhale kukutentha kwa Novembala kuno kumizimbe. Kenako tinakafika kwa madokotala a khungu ku Lilongwe, ndipo anatiuza kuti chimenechi ndi keloid, chimakonda anthu akhungu lakuda, ndipo kudula kokha popanda chithandizo china nthawi zambiri chimabwerera. Anayamba kuwabaya triamcinolone m'chotupamo mwezi ndi mwezi. Jakisoni wake ndi wowawa, ankandifinya dzanja mpaka kuchita dzanzi, koma chinaphwa n'kufewa, kuyabwa kunatha.

Yang'anani thupi lanu. Pamene munaboola makutu, katemera wa paphewa uja, mabala akale a m'miyendo, zinapola zosalala kapena zinafufuma? Nanga amayi anu ndi abale anu? Zimenezi mukauze dokotala asanakhudze tsayalo ndi mpeni.

MtsikanaWakuSenga

Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Linga, ndafunsa monga munandiuzira. Za kaundula wayankha kuti iye anaphunzira kunja ndipo ali ndi satifiketi, koma nambala sanatumize. Chithunzi chimene watumiza ndi cha kabotolo kopanda bokosi, zolembapo sindikutha kuziwerenga, ndipo akuti kabotolo kamodzi katikwanira tonse atatu. Za hyaluronidase wati sizifunika chifukwa palibe amene anadandaulapo. Ndiye wawonjeza kuti ngati ndikuopa singano ali ndi kachipangizo kooneka ngati cholembera kamene kamalowetsa mankhwala ndi mphamvu ya mpweya, kopanda kubaya. Chimenecho n'chabwinoko?

Achimwene a ku Dwangwa, ndayang'ana. Makutu anga ndi katemera zinapola zosalala, ndipo chipsera changachi sichinafufume, chinalowa mkati. Pepani ndi zimene alamu anadutsamo.

Ndivomere kuti ndakhumudwa. Ndinali nditayamba kale kudziona pazithunzi za ukwati tsaya lili losalala. Ndiye palibe chimene chingachitike?

NamwinoWopumaLinga

Chilipo, mwana wanga, koma si cha Loweruka likubwerali.

Kabotolo kamodzi anthu atatu, pamenepo pokha nkhani yatha. Filler yeniyeni ya hyaluronic acid imabwera kale m'sirinji yomatidwa, ya munthu mmodzi, yotsala imatayidwa. Kutunga m'botolo limodzi n'kumabaya anthu motsatana ndi njira ya matenda a chiwindi ndi HIV. Kacholembera kajanso ayi. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza anthu za tizipangizo timeneti mu 2021, chifukwa wogwiritsa ntchito sangathe kulamula kuti mankhwala afike pati, ndipo mitsempha imatsekeka chimodzimodzi.

Tsopano tikambe za chipsera chakocho, chifukwa pali chinthu chimene wanena chofunika kwambiri: chimakokeka ukaseka. Zikatero nthawi zambiri ndiye kuti pansi pake pali timinofu tolimba timene tamangirira khungu ku mnofu wamkati, ngati batani la pa kushoni ya mpando. Ukathira filler pamalo omangika chotere, imathawira m'mbali, m'mphepete n'kufufuma, dzenje n'kuoneka lakuya kuposa kale. Madokotala amayamba amasula timinofuto. Amachititsa dzanzi, n'kulowetsa singano yapadera pansi pa chipsera kudula timene tikukoka, amati subcision. Pena zimenezo zokha zimakweza khungu. Pena amawonjezera filler pang'ono, kapena mafuta a m'thupi mwako momwe, otengedwa pamimba kaya pantchafu. Chipsera chikakhala chotambalala kapena chopingasa mizere ya nkhope, dokotala wa opaleshoni yokonza thupi amatha kuchidula n'kusokanso mwaluso ndi ulusi wopyapyala kuti chigone motsatira mizereyo. Palibe mwa njira zimenezi imene imafafaniziratu chipsera. Zimachichepetsa kuti diso la munthu lisamakodwepo.

Udziwenso kuti chipsera chimapitiriza kusintha mpaka chaka kapena chaka ndi theka, ndipo n'chifukwa chake madokotala sathamangira kudula. Chako mwina chikanali kufewa. Uzichisisita ndi chala mozungulira, ndi Vaseline pang'ono, m'mawa ndi madzulo. Dzuwa la kunyanjalo ndi limene likuchidetsa, ndiye ugule mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, uzipaka tsiku lililonse, ndi chipewa ukamaperekeza alendo kugombe. Ndipo ndikupempha, usapakepo mafuta oyeretsa khungu a pamsika aja poganiza kuti kudako kuchoke. Ambiri ali ndi steroid kapena hydroquinone, amapyapyalitsa khungu, ndipo ukawapaka nthawi yaitali amasiya kuda kosachoka.

Tenga buku lako la kuchipatala, upite pachipatala cha boma ku Salima, ufotokoze monga wafotokozera pano, upemphe kalata yokutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe ukaonane ndi a khungu kapena a opaleshoni. Ku Queens ku Blantyre aliponso okonza zipsera, makamaka za moto. Mzere ungakhale wautali chifukwa amayamba ndi ana opsa ndi obadwa ndi mlomo wong'ambika, ndipo mpake. Angakuuze kuti ubwere ukwati utadutsa. Ukakaonana nawo useke pamaso pawo kuti aone mmene chimakokekera, ndipo utenge chithunzi chako cha ngozi isanachitike.

MlongoWakuJoni

Za tsiku la ukwati, asisi, pezani wodziwa kuphoda nkhope mukayeserere kusanathe mwezi. Pali primer ya silikoni yopaka pamwamba, imasalaza dzenje pang'ono phaudala asanapite, ndipo madzulo imachoka ndi sopo. Wojambula mumuuze poyera kuti kuwala kuzichokera kutsogolo, osati kumanzere. Amazidziwa zimenezi, sadzadabwa.

MtsikanaWakuSenga

Ndamuuza mayi uja kuti asandiwerengere. Lachiwiri ndili pa ofu, ndilawirira ku boma ndi buku langa. Anzanga awiri aja ndawatumizira zimene mwalemba, amayi. Mmodzi wasintha maganizo. Winayo akuti yake ndi milomo chabe, si tsaya, ndiye abayitsabe. Ndimupitira kwawo madzulo ano ndikaweruka, tikawerenge limodzi za kabotolo kaja.