Abale a ku UK, bilu ya gasi ndi magetsi mukumaikonzera bajeti bwanji?

NaBanda_Leicester

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa kuno. Mnyumba tilimo anayi, ine, bambo akunyumba ndi ana awiri, wamng'onoyo sanakwanitse zaka zitatu. Nyumba ndi ya renti, zakale zija za njerwa zofiira zogundizana. Nde kampani yathu ya gasi ndi magetsi yatumiza uthenga kuti direct debit ikwera kuchoka pa £140 kufika pa £205 pamwezi chonsecho sitinagule chilichonse chatsopano chodya magetsi. Tonse awiri tili ku care (ntchito yosamalira okalamba ndi odwala), malipiro ake mukuwadziwa, mwezi wina mashifiti ambiri mwezi wina ochepa, ukachotsa renti, council tax, chakudya, komanso zakumudzi poti mayi anga amayang'ana ine pa feteleza ndi fizi ya mng'ono wanga, £65 yoonjezerayo ichokera kuti? Nanga price cap imene akumainena pa nyuzi ija ntchito yake nchani ngati bilu ikungokwera? Bambo akuti tizizimitsa heating tizingovala majuzi, koma ine mtima sukundilola chifukwa mwanayu wayamba kale kutsokomola usiku. Anzathu mukumatani?

Chimwene_wa_ku_Salford

Pepani achemwali, ambirife tadutsamo. Choyamba musanalimbane ndi majuzi, tsegulani bilu yomalizayo muone ngati mita anaiwerengadi kapena anangoganizira. Pambali pa manambalapo pamakhala mawu oti estimated kapena actual. Ngati mulibe smart meter ndipo simumatumiza manambala, iwo amangolingalira, mwinanso potengera banja limene linkakhala mmenemo inu musanalowe. Pitani pa mita zonse ziwiri lero lomwe, jambulani pa foni, tumizani pa app, kenako muwapemphe awerengetsenso direct debit yanu. Muonenso ngati akaunti ili mu credit kapena mu debit. Direct debit si mtengo wa zimene mwagwiritsa mwezi umenewo ayi, amatenga za chaka chonse nkugawa pa miyezi 12, nde nthawi yotentha mumalipira zoposa zimene mwagwiritsa kuti zidzakwirire dzenje la December mpaka February. Ngati mwalowa nyengo yozizira muli ndi ngongole, ndi chifukwa chake akweza. Koma ngati muli ndi credit yambiri muli ndi ufulu owafunsa kuti akweza bwanji, olo kuitanitsa ndalama yanuyo.

Za price cap, dzinali limasokoneza anthu ambiri. Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a gasi ndi magetsi, saika malire pa bilu yanu yonse, amaika malire pa mtengo wa yuniti imodzi ndi pa standing charge (ndalama yolipira tsiku lililonse olo musayatse kanthu) basi, ndipo amasintha miyezi itatu iliyonse, January, April, July ndi October. Nambala imene amailengeza pa nyuzi ija ndi ya nyumba yongoyerekeza, mu 2024 ankaiwerengera 2,700 kWh ya magetsi ndi 11,500 kWh ya gasi pachaka. Mukagwiritsa zambiri mulipira zambiri. Chiyambire 2022 pamene nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza gasi, mitengo sinabwererenso pakale, April wa chaka chimenecho cap inalumpha kuchoka pa £1,277 kufika pa £1,971, mpaka boma linachita kupereka £400 pa nyumba iliyonse nyengo yozizira yotsatirayo, koma thandizo limenelo linatha.

Ndipo standing charge musaiiwale pa bajeti, gasi ndi magetsi pamodzi imayandikira 90p patsiku kutengera dera, kutanthauza kuti olo mutseke nyumba mupite ku Malawi mwezi wathunthu mudzapeza £25 ndi kanthu ikukudikirani.

Namwino_Mai_Chiko

Asisi chonde chonde, nkhani yozimitsiratu heating muli ndi mwana wamng'ono ayi. Bambo a kwanuwo auzeni bwinobwino kuti a zaumoyo kuno amalangiza kuti mnyumba musamatsike pansi pa madigiri 18. Nyumba zakalezi zikazizira makoma amagwira chinyontho, kuonjezera nthunzi ya nsima ndi nyemba ndi zovala zimene timayanika pa radiator mawindo ali otseka, posakhalitsa muona nkhungu yakuda ija kuseri kwa wadirobu ndi mmakona a windo. Nkhungu imeneyo imalowa mchifuwa. Mwana uja Awaab Ishak wa ku Rochdale anamwalira mu 2020 ali ndi zaka ziwiri chifukwa cha nkhungu ya mnyumba, nde si zocheza. Kankhani bedi ndi wadirobu muone kuseri kwake, mukaipeza jambulani mutumize kwa landilodi polemba osati pa foni pokha, ndipo mwanayo mupite naye kwa GP (dokotala wa mdera lanu) ngati chifuwacho chikupitirira.

Pochepetsa palipo koma pena. Thermostat ikani pa 18 kapena 19 mmalo mwa 23 imene ambirife timaika tikangofika kumene. Ikani timer iziyaka mmawa ana asanadzuke ndi madzulo, osati tsiku lonse mnyumba mulibe munthu. Ngati boila yanu ndi ya combi, pali kabatani ka kutentha kwa madzi opita mu ma radiator, nthawi zambiri amakasiya pamwamba kwambiri, katsitseni kufika cha mma 60, nyumba imafundabe koma gasi amapita ochepa. Pansi pa chitseko tsekani ndi chitenje chakale chokulunga, makatani muzitseka kukangoyamba kuda. Pophika tsegulani windo la kukhitchini pang'ono olo kukuzizira.

China chimene chimandiopsa ndikamamva anthu athu akudandaula za mabilu, pasapezeke munthu oyatsa makala kapena barbecue mnyumba ngati mbaula. Nyumba zakuno nzotsekeka, carbon monoxide, mpweya wapoizoni wotuluka mmakala, sanunkha, mumangogona osadzukanso. Ku England landilodi akuyenera kukuikirani alamu yake mchipinda chimene muli boila, komanso kubweretsa munthu oyeza boila chaka chilichonse. Ngati mulibe muuzeni.

Mjomba_Luton

Kuonjezera apo, musathawe gasi nkukagula ka fan heater poganiza kuti mupulumutsa. Yuniti ya magetsi ili cha mma 25p kupita mtsogolo pamene ya gasi ndi 6p kapena 7p, kuchulukitsa kanayi kumeneko. Kahita ka 2 kW kakayaka ola limodzi 50p yapita, kayatseni madzulo onse mwezi wathunthu muone. Zimene zimadya magetsi ndi zotenthetsa, shawa ya magetsi, tumble dryer, uvuni, ayironi, ketulo yodzadza mpaka pakamwa pamene ukufuna kapu imodzi. Mababu ndi chaja ya foni ndi tizinthu tochepa, musamakalipire ana pa zimenezo. Nyemba zivikeni usiku muphike mu pressure cooker zambiri nthawi imodzi, zina mu firiji. Bulangeti la magetsi limadya pang'ono kwambiri, kwa akuluakulu ndi bho, kwa khanda ayi.

AnaPhiri_Glasgow

Ine ndiyankhe za bajeti yeniyeniyo poti nafenso mashifiti athu sakhazikika. Chimene chimatithandiza ndi kusiya kuiona bilu ngati nkhani ya mwezi. Pa bilu kapena pa app pamalembedwa ma kWh amene mumagwiritsa pachaka, chulukitsani ndi mtengo wa yuniti, onjezerani standing charge ya masiku 365, gawani pa 12. Nambala imeneyo ndi imene ilowe mu bajeti limodzi ndi renti, isanabwere nkhani ina iliyonse. Ife tili ndi akaunti yapadera ya mabilu okhaokha, malipiro akangolowa ndalama ya renti, council tax, gasi ndi magetsi imasamukira kumeneko tsiku lomwelo, khadi yake sitiyenda nayo. Mwezi umene mashifiti achuluka timaponyamo kena kapamwamba, zili ngati nkhokwe, umadzadza pokolola kuti February asakupeze manja lende. Direct debit yo apempheni aiike tsiku lotsatira malipiro, amalola.

Zakumudzi ndi pamene pamawawa, ndikudziwa, mayi ndi mayi. Koma kambiranani nawo poyera. Feteleza amafunika cha mu October ndi November, fizi January, ndipo ndi nthawi yomweyo imene kuno gasi amayaka kwambiri ndi Khrisimasi pakati. Nde ya fetelezayo yambani kusunga pang'onopang'ono kuyambira May pamene heating ili yozima, osadikira foni ya mwadzidzidzi. Kwathu ndinawauza mayi ndalama imene ndingakwanitse pamwezi ndipo anamvetsa, makolo safuna kuti zidzukulu zawo zizigona mozizira chifukwa cha iwo.

Mukaona kuti £205 yo simukwanitsadi, aimbireni musanaphonye mwezi. Malamulo a Ofgem amawakakamiza kugwirizana nanu ndondomeko yolipira imene mungaithe. Osangoimitsa direct debit kubanki mwakachetechete, mtengo wolipira bilu ikabwera umakhala okwererapo ndipo ngongole ikhoza kuononga credit score. Muwauzenso kuti muli ndi mwana osakwana zaka zisanu akulembeni pa Priority Services Register, mndandanda wa makasitomala ofunika thandizo lapadera, ndi zaulere. Warm Home Discount, imene imachotsa £150 pa bilu ya magetsi, ilipo koma kwambiri imatsata ma benefit, nde amene visa yathu inalembedwa no recourse to public funds (osaloledwa kulandira ma benefit) musaiwerengere mu bajeti. A Citizens Advice amathandiza aliyense mwaulere, mukhoza kupita ndi bilu yo akakuwerengereni.

NaBanda_Leicester

Zikomo kwambiri abale, Mulungu akudalitseni. Ndayang'ana, ya magetsi ndi actual koma ya gasi ndi estimated kuyambira pamene tinalowa, manambala ndatumiza. Kuseri kwa wadirobu ya ana kulidi madontho akuda, bambo awaona okha ndipo nkhani ya majuzi yatha, mawa tilembera landilodi. Funso lina, poti nyumba ndi ya renti, tingasinthe kampani kapena kutenga fixed tariff, ija mtengo wa yuniti susintha kwa nthawi yoikika, osapempha eni ake?

Chimwene_wa_ku_Salford

Ngati bilu imabwera mdzina lanu ndipo mumalipira nokha, mukhoza kusintha, ingowadziwitsani eni nyumba mwaulemu ndipo muonenso zimene tenancy yanu ikunena. Poyerekeza ma tariff musayang'ane ndalama ya pamwezi imene akukulonjezani, yang'anani mtengo wa yuniti ndi standing charge, ndipo mufunse exit fee chifukwa mukasamuka kapena kusintha fixed isanathe ena amadula. Koma dikirani kaye bilu yatsopano ya gasiyo ituluke mudziwe ngati muli ndi ngongole, poti ngongole yokhalitsa imatha kutsekereza kusinthako.